Lazanya ya Mayi Nkhanga

Mwana wanga Sungeni anandifunsa tsiku lina kuti, "Amayi, chakudya chikapsa mumadikiranso chiyani?" Ndinamuyankha ndi nthano iyi.

Kalelo, nyama zisanaleke kuyankhula, kunali Nkhanga. Chaka china kunagwa matalala iye ali kutali ndi chisa. Atathamangira kumeneko, anapeza Fulu ataima pamwamba pa mazira, matalala akumenya chigoba chake. Matalala atasiya, Fulu anangochokapo. Palibe dzira lomwe linasweka.

Fuluyu anali asanalaweko chakudya cha paphwando. Ankalawirira mbandakucha, koma pofika ankapeza akutsuka mbale.

Anapiye a m'mazira aja anakula, mmodzi anapeza banja kwa a Nkhwali, ndipo Nkhanga anaitana nyama zonse kuchinkhoswe. Anaphika lazanya, chakudya chimene anaphunzira posuzumira pazenera la khitchini ya ansembe ochokera ku Italiya. Anakanda ufa wa tirigu, naupyapyalitsa ndi botolo mpaka unakhala ngati tsamba la nthochi. Kenaka anayala m'ziwaya ziwiri: tsamba la ufa, bowa wothira tomato, msuzi wa mkaka, tsamba lina, bowa, msuzi, mpaka kudzaza, tchizi pamwamba. Ansembe ankaikamo nyama yogaya, koma paphwando la nyama alendo amafunsa kuti ndi ya yani. Makala pansi, makala pachivundikiro, monga timachitira ndi chigumu.

Ataphula, Fisi anasendera.

"Mayi, tidye?"

"Ikupuma," anatero Nkhanga.

"Kupuma?" anafunsa Nyani. "Yalima munda wa yani?"

Nkhanga anayang'ana kunjira. Fulu anali pamkuyu, kutali.

"Mayi, tidye?" anafunsanso Fisi.

"Ikupuma."

Fulu anali pachulu.

"Ine sindinabwere kudzazonda wodwala," anatero Fisi. Anakoka chiwaya choyamba n'kudula. Masamba a ufa anatereraka, msuzi unayenderera pansi, ndipo zomwe anaponya m'kamwa zinamuwotcha lilime.

"Mwatiitanira phala," anatero, misozi ikutsika.

Maso onse anatembenukira kuchiwaya chachiwiri. Nkhanga anakhala pambali pake, mpeni ataubisa kunsi kwa phiko. Nkhwali, mayi wa mnyamata, anabwera kudzanong'ona.

"Asewere, alendo ayamba kung'ung'udza. Ena atenga kale ndodo zawo."

"Ikupuma, asewere."

"Mpaka liti?"

"Yatsala pang'ono."

Fulu anali pankhokwe. Kenaka anali pabwalo. Anaona chiwaya chopanda kanthu chija, ndipo mwachizolowezi analunjika kotsukira mbale.

"A Fulu," anaitana Nkhanga, "khalani apa."

Anatulutsa mpeni n'kudula. Chidutswa chinaima chilili, masamba ake ooneka limodzilimodzi, msuzi uli phee pakati. Choyamba chinali cha pakona, pamene tchizi imauma n'kumakoma kukukuta. Anachiika patsogolo pa Fulu, kenaka anagawira ena onse. Fisi naye analandira, koma sanamve kukoma kwake.

Fulu anayang'ana mbale, anayang'ana dzuwa.

"Kodi lero ndafulumira?"

"Mwafika nthawi yake," anatero Nkhanga, akupukuta mpeni.

Fulu anadya pang'onopang'ono. Za matalala palibe anatchulapo.

Nthano yathera pamenepa, Sungeni: podikira kuti chakudya chikhazikike, uziyang'ananso kunjira, mwina amene anakuchitira zabwino akadabwera.