Njiri ndi Miyala Itatu ya Mphenzi

Padangokhala, chaka chimene mvula inakana, mphenzi inagwa pachigwa masana dzuwa lili phwee, n'kusiyapo miyala itatu. Iwiri inali yakuda, waukulu ndi waung'ono. Wachitatu unali woyera.

Miyalayo inali ndi mphamvu yosaoneka, yonga ija imathetheka mukavula juzi nyengo youma. Nyama iliyonse yodzikhula m'udzu wouma, yakudayo inkaikankha, woyerawo n'kumaikoka. Zokokedwazo sizinkabwerako. Zinkamatirira pamwala woyera mpaka kuuma, ndipo mbalame zinasiya kulira pachigwapo.

Tsono kasupe wotsala anali kutsidya kwa chigwacho, ndipo ana awiri a Nungu anali atagona masiku atatu osamwa.

Nungu sankalankhulalankhula, koma ankapenya. Minga yake inkamva mwala uliwonse. Anathyola timaudzu, nalowa m'chigwa ana ali pambuyo. Akayenda pang'ono ankaima, n'kuika pansi kaudzu kamodzi koimira mwala uliwonse, kuloza kumene mwalawo ukumupititsa. Mwala ukakhala pafupi, kaudzu katali. Mtunda ukawirikiza, ankakathyola pakati, n'kuthyolanso pakati. Kenako ankatilumikiza, nsonga kutsinde, nsonga kutsinde. Kuchokera poyambira kufika pansonga yomaliza, ndiko kumene miyala yonse pamodzi inkamukankhira, ndipo ankaponda modziwa. Ankang'ung'udza:

"Uyu akankha, uyu akankha, uyo akoka.
Onse pamodzi, ndigwere kuti?"

Njiri anawapeza ali chomwecho.

"Achemwali, mukuombeza? Ana akufa ludzu, inu mukusewera ndi maudzu!"

"Ndikufunsa miyala, achimwene. Yonse itatu."

"Itatu ya chiyani? Ine ndimayang'ana wamkulu yekha. Tinato n'timiyala ta gulaye."

Anathamanga, Nungu akutsatira pang'onopang'ono. Pakati pa chigwa, pafupi ndi kamwala kakuda, Njiri anaima. Ubweya wake, umene mphamvu ija inali itauimika, unagona. Panali zii.

"Mwaona? Palibe kanthu! Miyala yanu ija inafa kale."

Nungu anafika nayala timaudzu. Ka mwala waukulu, umene unali kutali kumadzulo, kanaloza kum'mawa. Ka mwala woyera kanalozanso kum'mawa. Ka kamwala kakang'ono, kamene kanali pafupi, kanali katali, koloza kumadzulo. Atatilumikiza, nsonga yomaliza inabwerera pomwe anayambira. Anayang'ana Njiri.

"Sinafe, achimwene. Ikulimbana. Kakang'onoka ndiye kakutigwira."

"Kameneka? Kakungonditsekera njira yachidule."

Njiri anatola chipika.

"Chonde, achimwene, musakakhudze!"

Koma Njiri sanamve. Nungu anakankhira ana kuseri kwa chitsa chakale, nakumbatira muzu. Njiri anatutumula kamwalako, ndipo kanagubuduka n'kugwera m'chigwembe chakuya.

Mphepo sinaombe. Tsamba silinagwedezeke. Koma Njiri anayamba kuyenda, miyendo yake isakuyenda. Ziboda zinalemba mizere inayi m'fumbi. Poyamba pang'onopang'ono, kenako msanga, kenako msangamsanga.

"Achemwali! Ndani akundikoka? Achemwa..."

Kunamveka thii! Basi.

"Amayi, amalume apita kuti?" anafunsa mwana wamng'ono.

"Usayang'ane. Gwira muzu."

Nungu anataya kaudzu kamodzi, nayambiranso ndi tiwiri totsala.

"Uyu akankha, uyo akoka.
Onse pamodzi, ndigwere kuti?"

Anazungulira patali, chitsa ndi chitsa, muzu ndi muzu, mpaka ana anaviika milomo m'kasupe. Apo m'pamene anacheuka. Pakati pa zikopa zouma, Njiri anali atamatirira pamwala woyera, maso ali tong'o, mchira uli njoo. Mpaka lero adzukulu ake akamathamanga amaimika mchira, kufunsa mlengalenga chimene agogo awo anakana kufunsa.

Nthano yanga yagwera pomwepo. Mukafika pamalo pali zii, musati palibe kanthu: werengani onse okukankhani ndi okukokani, chifukwa mwina wamng'ono amene mukumunyozayo ndiye wakuimikani.