Dzimbiri la M'kati mwa Rimu

Che Jafali anafika kwa Shehe Twaliki atakoleka rimu ya njinga yamoto paphewa, nkhope ili yakugwa. Shehe ameneyu ankaphunzitsa ana madrasa m'mawa ku Ntaja, masana n'kumakonza marimu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti. Jafali anali wa kabaza, ndipo pa siteji yonse panalibe njinga yowala ngati yake. Tsiku lililonse ankailowetsa mumtsinje n'kuitsuka mpaka kumadziyang'anirapo nkhope. Koma ndiye anali munthu wodzimva, inu!

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salaam, Che Jafali. Takhalani pansi."

"Sindikhalitsa. Ndabwera ndi ziwiri. Rimu iyi yatuluka timadontho ta dzimbiri, mungoipaka penti. Chachiwiri, akazi anga, Asiyatu, anapita kwawo ndipo akufuna ukwati uthe. Mukandiyankhulire kwa amalume awo. Mawu anu palibe amawakana."

"Pepani ndithu. Anachokeranji?"

"Kaya! Sindinawamenyepo ine. Pa Idi ankatchena kuposa akazi onse. Funsani aliyense."

Shehe anatembenuza rimu ija n'kumatula kalamba kophimba mitu ya masipoko. Mayo ine! Dzimbiri linangoti yoyoyo kugwera pansi ngati gaga. Jafali anasuzumira m'kati mwa rimumo.

"Zatheka bwanji? Si ndimaitsuka tsiku ndi tsiku?"

"N'kutsuka komweko," anatero Shehe. "Madzi a mumtsinje amalowera m'mabowo a masipoko. Kunja mumapukuta poti anthu amaonako. M'kati, mobisika ndi tayala, madziwo amagona momwemo." Kenaka anafunsa mofatsa: "Mundikhululukire, ine si woweruza wanu. Koma mukatseka chitseko, mutatsala awiri, munkawayankhula bwanji mayiwo?"

Jafali anawerama. Anakumbukira mawu amene ankamulasa nawo Asiyatu chipitireni padera: "Ndikungokudyetsa pachabe iwe." Sankakuwa ayi, poopa kuti aneba angamve. Ankanena chapansipansi, Asiyatu n'kutuluka kukalirira kubafa. Manyazi anamugwira, mtima unamupweteka, ndipo munthu uja anati sakhalitsa anakhala pansi pafumbi.

"A Shehe," anatero, "banja langali lingakonzekenso?"

Shehe anatenga bulashi yawaya n'kuyamba kupala rimu ija pang'onopang'ono.

"Wodziwa ndi Allah, mwana wanga, ine sindikunamizani. Rimu iyi ndiipala mpaka chitsulo chioneke, ndiikwecha ndi sandipepa, ndipo pamenepo mpomwe ndidziwe ngati yatsala ndi mphamvu. Ikapezeka kuti yadyeka kwambiri sindiipaka penti, chifukwa mudzanyamulapo mwana wa eni n'kukamugwetsa pamsewu. Kwa amalumewo tipitira limodzi, koma mawu okometsera musawayembekezere kwa ine. Mukakhale chete, Asiyatu akanene zonse pamaso pa abale ake, inu mukavomere chimodzichimodzi. Akakukhululukirani, mukathokoze Allah. Akakana, mukamusiye mwaulemu monga chipembedzo chathu chinenera, ndipo musadzauze munthu aliyense kuti anachoka popanda chifukwa."