Bokosi Litsike, Wodwala Akwere

Panali munthu wina amene dera lonse linkamudziwa kuti ndi tambwali. Ankapusitsa ogula fodya ndi eni magolosale, koma zimene wapezazo sizinkagona m'nyumba mwake. Zinkathera kwa ana amasiye ndi nkhalamba.

Moyandikana naye munkakhala mayi wamasiye, dzina lake Nangozo, amene anadwala mpaka kulephera kudzuka pamphasa. Chipatala chinali kutali, ndipo panjinga sakanatha kukhalapo. Nangozo anali ndi mlongo wake m'tauni, mwini galimoto yonyamula katundu. Tambwali uja anapita kwa iye atanyamula choonadi, katundu amene sanazolowere kusenza.

"Bwana, alongo anu matenda akula. Tithandizeni galimoto tiwatengere kuchipatala."

"Mafuta akwera mtengo," anayankha mwini galimoto. "Uwauze kuti ndikuwapempherera."

Tambwali anabwerera akulingalira. Ankawadziwa anthu a kwawo. Pa matenda munthu amatha kupepesa ali kutali, koma pa maliro a mlongo wake palibe amene amajomba, poopa pakamwa pa anthu. Ankadziwanso kuti kulengeza maliro a munthu wamoyo ndi kulaula mudzi, ndipo wochita zotero mudzi sumusunga. Anakhala pakhonde la nyumba imene anaimanga yekha, akumva kubuula kwa Nangozo. Kenaka anadzuka natumiza uthenga kutauni: "Alongo anu atisiya."

Kutacha, galimoto inafika itasenza bokosi lonyezimira, matumba a ufa ndi nsalu yatsopano. Mlongo uja anatsika akulira mokweza kuti onse amumve, ndipo anthu anathamangira kumeneko. Atalowa m'nyumba anapeza Nangozo akupuma, maso ali pa iye.

Mlongoyo anatuluka atakwiya kwambiri. "Kathyali iwe! Wandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse!"

Tambwali anayankha modekha, khamu lonse likumva. "Zoona bwana, ndanama, ndipo mlandu wangawo tikamba. Koma galimoto yafika kale. Bokosi litsike, mayiwa akwere."

Maso onse anali pa mwini galimoto. Iye anazyolika, nalamula kuti bokosi litsitsidwe. Nangozo anapita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anachira.

Akuluakulu a mudzi anagamula kuti tambwali asamuke, ndipo iye anamanga katundu wake osatsutsa. Koma mlongo uja palibe amene anamuitanira kubwalo.

Inu amene mukumva, musatengepo phunziro lakuti bodza ndi labwino, pakuti linamulanda munthu uja nyumba ndi mudzi. Koma dzifunseni kuti ndi chilungamo chanji chimene chimathamangitsa wonama, n'kusiya amene choonadi chinalephera kumudzutsa pampando. Ngati muli ndi m'bale amene ali gone lero, musadikire kuti wina achimwe kaye kuti inu muchite chabwino. Pitani akadapuma.