Chimanga cha ku Chikweo chinatsikira ku Nkaya

Pa ofesi ya bungwe lina logawa chimanga ku Liwonde panali a Goliati, mkulu wa makompyuta, munthu wosamva za mnzake. Chaka cha njala chija, anthu akuphika mango aawisi, iwo anachotsa pulogalamu yakale yotumizira malole n'kuikamo yatsopano.

Martina, kalaliki wa pa ofesipo, anasuzumira m'kompyutamo.

"Bwana, timafayilo ta pulogalamu yakale tatsalira umu, tomwe tinkauza kompyuta kopita lole iliyonse. Tifufuteni, yatsopanoyi ingatiwerenge."

"Iyayi, tilibe ntchito timeneto. Za makompyuta mwaziphunzira liti inu?"

M'mawa mwake Martina anabwereza, iwo n'kungomulozera khomo. Koma anthu ena kuuma mutu!

Lachinayi a Goliati anapita ku Chikweo kukayang'anira kagawidwe. Anthu anadzaza bwalo la sukulu, matumba opanda kanthu ali m'manja. Kutsogolo kunali mayi Zaituni, amene anasiya ana anayi ogona ndi njala masiku awiri, atawalonjeza kuti lero lokha adya.

Dzuwa linafika paliwombo, lole osaoneka. Swala ya masana, pemphero la Asilamu, inakwana n'kudutsa. A Goliati anaimbira dalaivala.

"Samson, uli pati?"

"Ku Nkaya, bwana. Tatsitsa kalekale, anthu agawana."

"Ku Nkaya? Ku Balaka? Wakutuma ndani kumeneko?"

"Pepala lochokera m'kompyuta mwanu, bwana. Lalemba Nkaya."

Pulogalamu yatsopano inali itawerengadi timafayilo tija, tomwe tinasunga maulendo a njala ya zaka zapitazo, pamene lole imeneyo inkapita ku Nkaya. Nanga chimanga chikalowa m'nyumba ya munthu wanjala, angakachitulutse ndani? Lole ina inali yodzabwera pakatha masabata atatu.

A Goliati anawauza anthu zimenezi. Ena anagwira pakamwa, ena anakhala pansi osadziwa. Mayi Zaituni anasendera pafupi nawo.

"Achimwene, masabata atatu? Ndiuzeni inuyo choti ndikawauze ana anga."

Zinali zomvetsa chisoni, abale. Ntchito ya mphindi zisanu, imene anaikana kawiri konse, inagonetsa midzi ndi njala. Mayi Zaituni anapinda thumba lawo n'kuyamba ulendo wobwerera kwa ana aja chimanjamanja.

Akuluakulu sananame: mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.