Maraka awiri a Mwalimu Dinala

Mwalimu Dinala anafika ku Namwera dzuwa litapendeka, fumbi la m'basi lili mbuu m'ndevu, ndipo analunjika kwa Shehe Ajusa, amene anamuphunzitsa kuyambira ubwana. Anawapeza pakhonde akusoka lamba wa nsapato yawo. Anapereka salamu, nakhala pamkeka.

Nkhani inali itafika kale iye asanafike. Shehe ndiwo anamutuma kukatsogolera mapemphero pa kamzikiti kena kuchigwa cha Shire, kupitirira Bangula, ndipo tsopano akuluakulu a kumeneko anali atatumiza mawu akuti mwalimuyo asabwererenso. Mlandu wake unali wachilendo. Munthu wapaulendo amaloledwa kufupikitsa swala, pemphero la Asilamu: m'malo mwa zigawo zinayi, zotchedwa maraka, amapemphera maraka awiri. Dinala chitsitsireni chikwama chake sanasiye kufupikitsa. Akamaliza raka yachiwiri ankapereka salamu yotsekera pemphero n'kukhala phee, anthu a kumbuyo kwake n'kudzuka kumalizitsa awiri otsalawo aliyense payekha. Mwezi unatha zili choncho, wina n'kuyamba.

Mnyamatayo ntchito ankaifuna, poti kubwezedwa pa mzikiti woyamba ndi manyazi osatha msanga. Koma mutu wake unali wodzaza mabuku, ndipo mabukuwo ndiwo anabwera kudzabisalamo.

"Shehe, ndabwera ndi funso la chilamulo," anatero. "Munthu amene sanatsimikize mumtima kuti akhazikika pamalo angafupikitse mpaka liti? Ndawerenga kuti ophunzira ena akale sanaike malire."

Shehe anabaya singano, nakoka ulusi pang'onopang'ono.

"Mabukuwo mumawadziwa, Mwalimu, mwina kuposa ine, poti anga masowa atopa. Koma ndisanayankhe mundithandize kaye. Kuchigwako ndinapitako kalekale. Kodi akulimabe mchewere?"

"Sindinaonetsetse, Shehe."

"Nanga amene amaitanira anthu ku swala dzina lawo ndani?"

"Ndi bambo ena ake aafupi. Dzina landithawa."

"M'basi lero munakhala ndi ndani?"

"Munthu wina wa nkhuku m'dengu. Amafuna kucheza, koma ine ndinali kubwereza Kurani chamumtima."

"Mwachita bwino kubwereza. Nkhukuzo amapita nazo kuti?"

"Shehe, mundikhululukire, koma inu munandituma kukaphunzitsa. Kumeneko kukutentha ngati m'ng'anjo, Chisena sindichimva, ndipo anthu ake ngakhale Fatiha yeniyeniyo, mutu woyamba wa Kurani, amaiwerenga mopunthwapunthwa. Ine ndikafunse chiyani kwa iwo?"

Shehe anaika nsapato pansi. Sanakwiye. Anamuyang'ana ngati mmene amayang'anira kholo mwana amene wavala malaya chambuyo.

"Mwandiperekezapo kumaliro kangapo," anatero. "Ndimatani ndikafika?"

Apa Dinala sanavutike kuyankha, chifukwa Namwera yense ankadziwa. Shehe Ajusa akafika pamaliro sankathamangira kulalika. Ankakhala pafupi ndi wofedwa, phewa ndi phewa, osanena kanthu, mpaka mwiniwakeyo atayamba yekha kulankhula. Dinala sanaiwale tsiku limene mayi ake anamwalira, mmene kukhala chete kumeneko kunamugwirira mtima kuposa mawu onse amene anamva tsikulo.

"Zimenezo sindinazipeze kumadarasa kumene tinkaphunzira Kurani," anatero Shehe. "Ndili wa msinkhu wanu ndinakwera lole ya chimanga kuchokera ku Balaka. Pamatumbapo panali mayi wina amene ankapita kukaika mwana wake. Ine ndinamuthira mavesi njira yonse, iye kulira kumangokula. Pa Liwonde panakwera mkulu wina wa mpingo, wovala jekete lothetheka m'zigongono. Anakhala pambali pa mayiyo, namunyamulira kamtolo kake, osanena ngakhale liwu limodzi. Patapita nthawi mayi uja anayamba yekha kufotokoza za mwanayo, mmene ankasekera, zimene ankakonda kudya. Ine ndinamufunsa mkuluyo kuti, 'Bambo, mwatani?' Anati, 'Chisoni ndi cha mwini wake, muzimusiya ayambe ndiye.' Anatsika pa Ulongwe. Dzina sindinamufunse, ndipo chimandipweteka mpaka lero. Koma nyumba iliyonse ya maliro imene ndalowamo chiyambire, ndalowa naye."

Anaseka pang'ono, natolanso nsapato ija. "Ngakhale kasokedwe aka anandionetsa munthu wa ku Mozambique tikudikira bwato pa Chiromo. Aphunzitsi anga a m'kalasi ndingawatchule onse mayina. A panjira ndi ochuluka kwambiri moti ndimangowapereka kwa Allah onse pamodzi, Iye ndiye akuwadziwa. Alhamdulillah, sindinakwerepo galimoto n'kutsika wopanda kanthu."

Dinala anawerama. Anaganiza za munthu wa nkhuku uja, amene anayambitsa nkhani mobwerezabwereza iye n'kumangogwedeza mutu. Anaganiza za bambo aafupi aja, amene m'mawa uliwonse ankamuikira madzi osamba pakhomo. Manyazi anamugwira, koma pansi pa manyaziwo panali kuthokoza, chifukwa Shehe akanatha kumudzudzula pagulu, koma anasankha kumukhazika pamkeka ndi kumufunsa za mchewere.

"Ndiye ndichite chiyani, Shehe?" anafunsa, mawu ake atatsika.

"Mubwerere. Akuluakulu aja ndiwapepesa ndine kuti akulandireninso. Panjira mufupikitse ndithu, imeneyo ndi mphatso ya Allah kwa wapaulendo, ndipo mphatso sakana. Koma nthawi ya maraka awiri otsalawo musaiponye m'thumba. Mutembenukire amene mwakhala naye, mumufunse kumene nkhuku zikupita. Mukafika, mukayambe ndi kufunsa dzina la bambo aafupi aja, ndipo akakuphunzitseni moni wa Chisena mpaka akaleke kukusekani. Kenako mukaime kutsogolo mukapemphere anayi. Anthu aja sakulimbana nanu za mabuku, Mwalimu. Atopa kumaliza swala okha kumbuyo kwa munthu amene sanafike."