Kiyi wa M'thumba la Ovololo

Kudali mmisiri wina, bambo Likongwe, amene adakalambira kudziko la eni akugwira ntchito pa chimakina choyendera gasi chopangira magetsi. Chimakinachi sichidzuka chokha. Chimayamba chazunguzidwa ndi mpweya wamphamvu wodzera m'paipi, ndiyeno gasi amayaka.

Pamalopo padali lamulo. Aliyense wolowa kukakonza ankatseka mpopi wa mpweyawo ndi loko wake, kiyi n'kuika m'thumba, kuopa kuti wina angalize makina mnzake ali m'kati.

Chaka china adachimasula chonse, nachikonza sabata zitatu. Tsiku loliza litafika adadina batani. Zii. Adadinanso. Zii. Adayeza mabatire, adalondola mawaya, adasintha mafyuzi, koma chimakina chidangoti duu. Akuluakulu adaloza chala Mponda, wa zamagetsi, mnzake wa Likongwe wochokera naye boma limodzi.

"Likamafika dzuwa pamutu chisanalire, Mponda ulongedze," adatero bwana wawo.

Likongwe naye adaponyapo mawu. "Achimwene, mawaya anuwa mumalumikiza mukuodzera kapena?"

"Ine ndayang'ana kanayi, akulu," adatero Mponda. Kumudzi adali ndi ana asanu pasukulu.

Thukuta litamutsika, Likongwe adapisa m'thumba la ovololo kufuna kansalu kopukutira. Chala chidagunda kachitsulo kozizira. Kiyi. Pomwepo adakumbukira kuti adatseka malo awiri, koma adatsekula amodzi. Loko winayo adali pansi, kuseri kwa thanki, kumene sikupita maso.

Adakumbukiranso malemu mkazi wake, Nasibeko. Masiku ali moyo, ovololo sinkalowa m'madzi asanaipise. Ankatulutsamo misomali, mabawuti, makiyi, n'kuziyala pambale akuseka. "Bambo, inu mumasaka dziko lonse, thumba lanu lokha ndiye mumaliopa." Chimwalirireni mayiyo, m'matumbamo simudapisidwenso.

Akadatha kuzemba mwakachetechete, n'kukatsekula, makina n'kulira ngati mwamwayi, Mponda n'kutsala ndi mbiri yoipa. Koma adakweza kiyi uja m'mwamba pamaso pa onse.

"Bwana, musiyeni Mponda. Wotseka mpweya ndine."

Adatsika, natsekula. Mpweya udalira m'paipi, chimakina chidazungulira, gasi adayaka, nyumba yonse idanjenjemera. Likongwe adalandira kalata ya chenjezo, yoyamba pa zaka makumi atatu. Mponda adamugwira paphewa. "Mawaya anga aja bwanji, akulu?"

"Ndi abwino, achimwene. Woodzera ndinali ine."

Abale anga okondedwa, pemphero likakana kuyaka, m'nyumba mukazizira, timathamangira kuyeza mawaya a anzathu: abusa, akazi athu, ana, ngakhale Mulungu amene. Chonsecho mtima tidautseka tokha tsiku lina titapwetekedwa, ndipo mwina padali chifukwa. Koma ntchito yokonza ija idatha kale. Ngati muli naye wokupisirani m'thumba, muthokozeni akadali moyo. Ngati adapita, pisanimo nokha lero. Mpweya wa Mulungu sudathe. Ukudikira kuseri kwa loko wanu.