Lipenga Limene Silinalire

Kalekale, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, kunali mudzi wa asodzi umene sunkakankha bwato usanafunse mbalame. Kumeneko kuli mbalame zoyera za mitundu iwiri, zofanana ngati mapasa. Zina n'zapamudzi, zongotola matumbo a nsomba. Zinazo zimakhala kutali pakati pa nyanja, ndipo zikatera pamchenga, dziwani kuti zathawa namondwe. Ntchito yozisiyanitsa inali ya bambo Chakanza. Akaona zachilendozo ankaliza lipenga, tsikulo osapita munthu pamadzi. Koma bambowo anachita khungu, ntchito n'kugwera mwana wawo Zuze.

Tsiku lina m'mawa kunagwa nkhungu, ndipo pamchenga panatera mbalame zitatu.

Zuze anaziona. Atate ake anali atamuphunzitsa kuti zapamudzi zili ndi miyendo yofiira, zachilendo yachikasu. Koma izi, abale, miyendo inali matope okhaokha! Anathamangira kwa atate ake. "Atate, miyendo ikabisika timaona chiyani?" Atayankhidwa zosagwira mtima, anabwerera kunyanja. Mwezi wathawo n'kuti ataliza lipenga pachabe, mudzi wonse n'kugona ndi njala, ana n'kumamuimba nyimbo. Mtima unkamuuza kuti pali china, koma anaopa kuchitanso manyazi. "Aaa, n'zathu zomwe zija," anatero, lipenga n'kulipachika.

Mlongo wake Mwandida ankayanika nsomba chapafupi. Anamva kulira kwa mbalamezo, kosasa mawu, ndipo iye sanakayike n'komwe kuti n'zachilendo zija. Koma mwambo sunkalola mkazi kugwira lipenga, ndiponso mayi wina amene analoserapo imfa pamudzipo anamutcha mfiti n'kumuotchera nyumba. Mwandida anapita kwa mwamuna wake yekha.

"Bambo a Fombe, lero musapite. Munene kuti mutu ukuwawa."

"Nanga anzanga?"

"Inu, tsekani pakamwa!"

Mwamunayo anadzifunditsa nsalu, anzake akudutsa pakhomo ndi nkhafi paphewa.

Tsono nkhalamba ija Chakanza, ndiye imandiwawa ine. Inkadziwa chizindikiro chimene matope sangabise: kadontho koyera kunsonga yakuda ya phiko la zachilendozo. Zaka zonsezo sinauze munthu, poopa kuti ana akadziwa zonse adzaiponya kuseri ngati ukonde wong'ambika. Zuze atafunsa m'mawa uja, yankho linali lakuti, "Ndidzakuuza ukakhwima. Usandivute." Komabe musaiwale, iyo mbalamezo sinazione, sinazimve.

Mabwato khumi ndi awiri anapita. Dzuwa lisanafike pamutu, kumwamba kunada bii, mphepo n'kuyamba kusasula madenga. Anabwerako anayi okha. Masiku atatu nyanja inkalavula nkhafi, kenako zipewa, kenako anthu.

Maliro atatha, akazi amasiye anasonkhana pamchenga. Panalibe wolira, misozi inali itauma. Anakokera m'madzi bwato limodzi lopanda nkhafi, ndipo wamkulu mwa iwo anati, "Nyanja yadya athu. Banja la Chakanza lipereke mmodzi. Madzi akayamba kubwerera, akwere umu."

Atatu aja anaulula zonse, aliyense chake. Aima pamenepo, ndipo madzi ayamba kale kubwerera.

Ine wanga ndamusankha, koma sindinena. Nenani inu: akwere ndani m'bwatomo? Zuze amene anaona koma n'kukayika, Mwandida amene anadziwa n'kupulumutsa wake yekha, kapena Chakanza amene anaumira nzeru mpaka anthu kutha?